Za Kumanga Mapaipi pa Mphika wa Mowa

Ndikhulupirira kuti ambiri a inu, pomva kuti padzakhala nkhani ya kufulula mowa wa balere panyumba, munayembekeza kumva za chimera, za yisiti, kapena za maluwa owawa aja otchedwa hopu, pakuti zimenezo ndizo zimakometsa mowa ndi kutchukitsa wofulula. Koma ine ndasankha kanthu konyozeka, kamene palibe amakatamanda mowa ukakoma, ngakhale kuti ndiko kamatumiza anthu kuchipatala, ndiko paipi yofewa imene imatenga madzi otentha a chimera pansi pa mphika, n'kuwapititsa mu pampu, n'kuwabwezeranso pamwamba pa mphika womwewo.

Agogo athu aakazi, amene anafulula masese mu mbiya ndi m'migolo ife tisanabadwe, analibe nazo ntchito zimenezi. Anali ndi mthiko wotakasira, chikho chotungira ndi khuntho lokunthira, ndipo madzi otentha sankachoka pamalo pake popanda dzanja la munthu kuwanyamula. Kafululidwe kamene tikukamba kano n'kochokera kutali. Ku Britain boma linachotsa lamulo lofuna chiphaso kwa munthu wofulula mowa wakumwa yekha panyumba m'chaka cha 1963, Reginald Maudling ali nduna ya zachuma. Ku America, Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lolola zomwezo mu 1978. Kuyambira pamenepo anthu wamba a m'maiko amenewo anayamba kutsanzira, m'magalaja ndi m'makhichini mwawo, zimene amachita a mafakitale akuluakulu a mowa, kufikira lero pamene munthu akhoza kugula makina athunthu monga Braumeister a ku Germany kapena Grainfather a ku New Zealand, okhala ndi pampu yake m'kati. Koma ambiri, pokhala ndi matumba osazama, amadzilumikizira okha mphika wachitsulo, kapampu ndi mapaipi awiri kapena atatu, ndipo kwa oterewa ndiko ndalunjikitsa mawu anga.

Tiyambe tafunsa chifukwa chimene munthu amazunguzira madzi amenewa, popeza wosadziwa chifukwa cha chinthu sachisamala. Chimera chophwanya chikaviikidwa m'madzi ofunda pakati pa madigiri 62 ndi 72, mphamvu imene ili m'chimeramo imasandutsa ufa kukhala shuga, ndipo ntchitoyi imatenga pafupifupi ola lathunthu. Koma mphika umatentha pansi n'kumazizira pamwamba ndi m'mbali, kotero kuti wofulula akamatenga madzi a pansi n'kuwathira pamwamba mosalekeza, kutentha kumafanana ponseponse, ndiponso madziwo, podutsa m'makoko a balere kambirimbiri, amasefeka n'kuyera. Pambuyo pake, madziwo akawira ndi hopu, amawazunguzanso kuti apange kamvuluvulu m'mphika, zinyalala zonse zisonkhane pakati, pansi, njira imene inayambira ku fakitale ya Molson mumzinda wa Montreal cha m'ma 1960, ndiponso kuti azizire msanga. Motero pa tsiku limodzi lofulula paipi imanyamula madzi otentha kwa maola, poyamba a madigiri 65 kapena kuposerapo, kenaka owira ndithu.

Ndifuna kuti manambala amenewa muwamve ndi khungu lanu. Akatswiri awiri a ku Harvard, Moritz ndi Henriques, anasindikiza mu 1947 zimene anapeza pofufuza kapsedwe ka khungu, ndipo anaonetsa kuti kutentha kwa madigiri 44 kumafuna maola angapo kuti kuwononge khungu, pamene kwa madigiri 70 sikufuna ngakhale sekondi yathunthu. Tsono madzi aja amene wofulula amawayesa ofunda chabe, poti sakubwata ndipo nthunzi yake ndi yochepa, ali kale pamalire a ngozi. Onjezanipo ichi, kuti madzi a chimera ali ndi shuga, amanata, amakangamira pakhungu ndi kulowerera m'malaya ndi m'masokosi. Ndi ichinso, kuti kapampu kamene ofulula ambiri amagwiritsa ntchito kakhoza kukankha malita oposa 20 pa mphindi imodzi ngati palibe chokatchinga, pamene mphika wa panyumba umakhala ndi malita 19 kapena 23. Paipi ikasolokoka, mphika wonse uli pansi, kapena pamiyendo pa munthu, iye asanakumbukire kumene kuli switchi. Ena a inu amene mumakhala kumalo okwera, monga ku Johannesburg kumene madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94, musadzitonthoze nazo, pakuti khungu silisiyanitsa 94 ndi 100. Ndipo monga ananenera akale, madzi akatayika saoleka.

Tsopano ndifike pa chimene ndadzera. Paipi yozizira ndi mboni yonama. M'mawa, pamene wofulula akulumikiza zipangizo zake, paipi imakhala yolimba, imalowa movutikira pa kamlomo kachitsulo ka mpopi, ndipo akaikoka siisuntha. Mtima wake umakhala pansi, amati yagwira. Koma paipi imeneyo sidzagwira ntchito ili yozizira. Ikatentha imafewa, imatanuka, pakamwa pake pamakula, madzi a shuga amalowa pakati pa iyo ndi chitsulo n'kupaterereza, ndipo kulemera kwa madzi amene ali m'kati mwake kumaikokera pansi pang'onopang'ono. Chifukwa chake mfundo iliyonse ya paipi iyenera kuweruzidwa monga idzakhalire pa ola lachitatu, osati monga ikuonekera pa ola loyamba.

Paipi yapulasitiki yoonekera m'kati, imene imapezeka m'sitolo iliyonse ya zipangizo zomangira, imayamba kulefuka madzi akangopitirira madigiri 60, ndipo pa madzi owira imapindika, imaphwafuka, imasiyanso fungo lake mu mowa. Ya kudimba yothiririra maluwa ndiye tisaitchule n'komwe. Yoyenera ntchito imeneyi ndi ya silikoni, yopangidwira zakudya, ya khoma lochindikala, imene imapirira kutentha koposa kwa madzi owira kutalitali. Komabe silikoni ili ndi zofooka zake ziwiri zimene wogulitsa sakuuzani: ndi yofewa, kotero kuti imafufuma ikapanikizidwa ndi mphamvu ya pampu, ndipo imachekeka msanga ndi chitsulo chakuthwa. Muyeso wake ufanane ndi wa kamlomo kamene ikulowapo; ambiri amagwiritsa ntchito ya theka la inchi, ndiwo mamilimita pafupifupi 13 m'kati mwake. Paipi yaikulu pa kamlomo kakang'ono, ngakhale muimange chotani, idzakwinyika ndi kudontha.

Tiyeni tiyang'anitsitse mfundo imodzi, monga ngati ili m'manja mwathu. Kamlomo kachitsulo kaja kali ndi mano awiri kapena atatu ozungulira, opendekera kumbuyo, oti paipi ilowe mosavuta koma ivute kutuluka. Viikani nsonga ya paipi m'madzi otentha kwa kamphindi, muikankhe mpaka ipitirire mano onse ndi kukagunda paphewa pa chitsulocho. Ikalekeza pa dzino loyamba, musapitirize ntchito. Kilampu yomangira mfundoyo, imene muyenera kuyamba mwailowetsa pa paipi musanalumikize, ikhale kumbuyo kwa dzino, pamalo osalala, osati pamwamba penipeni pa dzinolo pamene ingachekere paipi, ndiponso osati kunsonga kwenikweni kumene ingapulumuke. Kilampu yodziwika kwambiri ndi ija ya lamba wachitsulo ndi kasikuluwu, imene Lumley Robinson, msilikali wa pamadzi wa ku Britain, anailembetsa mu 1921 ndi kuyamba kuipanga ku Gillingham pa dzina la Jubilee. Mukamaimanga ndi sikuludiraiva, yang'anani silikoni: ikayamba kutumphukira m'timabowo ta lambayo, mwapyola, ndipo mwayamba kudula paipi yanu ndi dzanja lanu lomwe. Mangani kufikira paipi italeka kuzungulira pa chitsulo mukaipotokola, basi. Ndipo ikatentha koyamba, bwererani mukaimangenso pang'ono, pakuti khoma la paipi limaphwa pansi pa lamba, ndipo kilampu imene inali yothina m'mawa imakhala yolobodoka masana. Alipo makilampu ena okhala ndi khutu lofinya ndi pulaya, a kampani ya Oetiker ya ku Switzerland, amene amagwira mozungulira mofanana ndipo sakhala ndi nsonga yobaya zala. Ine ndimawakonda pa mfundo zimene sizimasulidwa kawirikawiri, ngakhale kuti pochotsa pamafunika kuwadula.

Ndikudziwa kuti pakati pathu pali amisiri amene amati malegeni ndi waya zimamanga chilichonse, ndipo sindinyoza luso limene lagwiriziza njinga ndi mipopi yambiri kwathu. Koma waya umacheka silikoni yotentha, ndipo mphira ya chubu imalefuka ndi kutentha panthawi yomweyo imene mukuidalira. Kilampu yachitsulo chosachita dzimbiri mtengo wake sufika pa mtengo wa chimera cha mphika umodzi. Pano kuumira sikupindula kanthu.

Zonsezi anthu ambiri amazichita bwino ndithu, popeza mfundo ya pansi pa mphika ndi ya pa pampu zimaoneka zoopsa, ndipo munthu amaziopa. Malo amene amanyalanyazidwa ndi nsonga yobwezera madzi pamwamba, ndipo apa ndikupemphani kuti ndichedwepo. Wofulula amatenga nsonga imeneyi, n'kuikoloweka pamlomo pa mphika, mwina n'kuipsinja ndi chivundikiro, mwina n'kuigwira ndi dzanja kwa kanthawi kufikira ataona kuti yakhazikika, kenaka amatembenuka kukayeza hopu. Palibe mwini mbuzi amene amangoyala chingwe pamwamba pa chikhomo n'kunena kuti wamanga. Koma izi ndizo timachita ndi paipi yonyamula madzi owira. Madzi potuluka mwamphamvu kutsogolo amakankhira paipi kumbuyo. Mbali ya paipi imene ili kunja kwa mphika, yodzaza ndi madzi, ndi yaitali ndiponso yolemera kuposa kansonga kamene kali m'kati. Pampu ikameza mpweya imatsamwa, paipi imadzuka ndi kugwa. Silikoni yotentha imaterera pa chitsulo chonyowa. Zinthu zinayi zimenezi zimakokera mbali imodzi, kunja, ndipo chotsutsana nazo ndi kulemera kwa chivundikiro chokha, chimene wofulula yemweyo adzachitukula posachedwa kuti asuzumire m'kati, nkhope yake ili pamwamba pa mphika.

Njira yabwino koposa ndiyo kuti paipi yofewa isalowe n'komwe m'mphika. Boolani mphika chakumtunda, muikepo cholumikizira chachitsulo chokhala ndi mphira yake yotsekera ndi mpopi wake, kuti paipi imangidwe kunja monga zimangidwira mfundo zina zonse. Amene safuna kuboola mphika wake apinde kapaipi ka kopa kapena ka chitsulo chosachita dzimbiri, kakhale ngati ngowe yokwera pamlomo pa mphika ndi kutsikira m'kati, akamange pa chigwiriro cha mphika kapena pamlomo pake ndi chomangira cha sikuluwu, ndipo paipi yofewa ilumikizidwe kunsonga yakunja ndi kilampu. Muyeso wake ndi uwu: mukakoka paipi mwadzidzidzi, monga angaikokere munthu wopunthwa, nsongayo isasunthe. Zopanira zovala, selotepi ndi dzanja la mlamu wanu amene wabwera kudzaonerera sizili m'gulu la zomangira. Ndipo kumbukirani kuti mukamanga paipi molimba pa mphika, mphikawo uyenera kukhala pa maziko osagwedezeka, kuopa kuti chimene chikanangosolola paipi chingagwetse mphika wonse.

Nsonga yobwezerayo ndi bwino imire pansi pa madzi, kuti asathovoke ndi kumwa mpweya umene umasukulutsa mowa. Koma kumira kumeneku kuli ndi msampha wake. Mapampu amenewa amazungulira ndi maginito, ndipo akazima satseka njira; madzi amadutsamo mbali iliyonse imene afuna. Tsono munthu akazimitsa pampu, n'kutseka mpopi wa pansi pa mphika, n'kumasula paipi pa pampu poganiza kuti zonse zaima, madzi a m'mphika amakwera okha mu nsonga yomira ija, amadumpha mlomo wa mphika ndi kutsikira m'manja mwake, monga amachitira mafuta pamene munthu akuwakoka mu thanki ya galimoto ndi kapaipi. Chifukwa chake mpopi ukhale mbali zonse ziwiri, ndipo dongosolo lake lisasinthe: pampu izime, mipopi yonse itsekedwe, chidebe chikhale pansi pa mfundo, ndipo mfundoyo imasulidwe italoza kumbali, wofulula atavala magolovesi ochindikala. Zolumikizira zija za tizigwiriro tiwiri zotchedwa camlock n'zabwino chifukwa zimamasuka msanga, koma chitsulo chake chimatentha monga madzi amene ali m'kati, ndipo kachigwiriro kamodzi kakatsala kosatseka bwino, mfundoyo imaoneka yolumikizika pamene siinagwire.

Kuchepetsa liwiro la madzi kuli ndi malo ake. Musapane pampu kumbali yolowera, pakuti ikasowa madzi imatsamwa, paipi yolowera imaphwafuka, ndipo madzi otsala pang'ono kuwira amasanduka nthunzi m'kati mwa pampu, zimene zimagwedeza mapaipi onse. Mpopi wochepetsera ukhale kumbali yotulukira, ndiponso, mfundo imene ambiri amaiphonya, ukhale pa pampu penipenipo, osati kutali kunsonga ya paipi. Chifukwa mukapanira kutali, mphamvu yonse ya pampu imatsekeredwa mu silikoni yofewa ija, imafufuma, ndipo imadzikankha yokha kuchoka pa kamlomo. Pampuyo ikhale pansi kuposa mphika kuti madzi aitsikire okha, ndipo poiyatsa mpopi ukhale wotsegula pang'ono chabe, muziwonjezera maso ali pa nsonga yobwezera. Kuthamanga sikufika, ndipo pa nthawi yoviika chimera, wothamangitsa pampu amapanikiza makoko mpaka njira imatsekeka.

Za njira imene paipi imadutsa ndinene mwachidule. Ikhale yaitali mokwanira kuti isakokeke, yaifupi mokwanira kuti isakwawe pansi pamene mapazi amaponda. Pamene pali chitofu cha gasi, lawi limakwera m'mbali mwa mphika ndi kunyambita mpopi ndi paipi, choncho ikani kachitsulo kotchinga. Pamene pali magetsi, soketi ikhale pamwamba, kutali ndi podontha, yodzera pa chida chija chodula magetsi chokha akayamba kuthawira pansi, ndipo switchi ya pampu ikhale poti mungaifikire osadutsa pansi pa mapaipi. Ana, agalu ndi nkhuku akhale kwina. Ndipo ndinene mosabisa, ngakhale ena andiyang'ane ndi diso lofiira, kuti mwambo wotsegula botolo la mowa wakale pofulula watsopano udikire kufikira moto utazima. Nsapato nazo zikhale zotseka, ndi buluku lovindikira pamwamba pake, osati masilipasi.

Musanaike chimera chanu pachiswe, yesani zonse ndi madzi okha. Yambani ndi ozizira kuti muone podontha. Kenaka muwatenthetse mpaka awire, pampu ikuyenda, inu mutaima chapatali, ndipo mukazimitsa muyendere mfundo iliyonse ndi sikuludiraiva. Muzichita chotere paliponse pamene mwasintha paipi kapena kilampu, ngakhale imodzi yokha.

Palinso mapaipi a choziziritsira madzi a chimera, amene anthu amawapeputsa poti amanyamula madzi a kumpopi. Chikhoyilo chake cha kopa chikamizidwa m'madzi owira, timadzi totsalira m'kati mwake kuchokera tsiku lapita timasanduka nthunzi ndi kulavuka kunsonga. Ndipo mukatsegula mpopi, madzi oyamba kutuluka amakhala otentha pafupifupi ngati a m'mphika, ali ndi mphamvu yonse ya mpopi wa m'tauni kumbuyo kwawo, yoposa ya kapampu kanu. Mfundo zake zikhale kunja kwa mlomo wa mphika, zomangidwa ndi makilampu, ndipo nsonga yotulutsira imangiriridwe mu ngalande kapena mu mgolo.

Tsoka silinunkha, ndipo ngakhale wosamala likhoza kumugwera. Tsono dziwani chochita. Zimitsani pampu, vulani msanga chovala chonyowa ndi mphete, koma chimene chamatirira pakhungu musachikoke. Thirani madzi ozizira oyenda pa balalo kwa mphindi 20 zathunthu, osati ayezi. Mankhwala otsukira mano, mazira, mafuta ophikira ndi zina zimene anansi amathamanga nazo mwachikondi zimangosunga kutentha ndi kuitana matenda. Matuza musawaboole, phimbani ndi pulasitiki yoyera yokutira chakudya kapena nsalu yoyera yosanyenyeka. Bala loposa chikhatho cha wopsayo, kapena la kumaso, m'manja, kumapazi ndi kumalo obisika, ndiponso bala lililonse la mwana, lipite kuchipatala tsiku lomwelo.

Nditsirize ndi ola lotsuka, limene limafika munthu atatopa, mowa uli kale mu chidebe chake, mtima ukuti ntchito yatha. Ambiri amazunguza madzi otentha a soda m'mapaipi omwewo kuti achotse shuga, ndipo apa ndi pamene nsonga yobwezera, imene inamangidwa bwino tsiku lonse, imangoponyedwa mu ndowa. Madzi a soda ndi oterera kuposa a chimera, ndipo akalowa m'maso kuipa kwake kumaposa kupsa. Choncho nsongayo imangidwe pa ndowa monga inamangidwira pa mphika, ndipo magalasi otchinga maso avalidwe. Mukatha kutsukuluza, masulani mapaipi, muyang'ane nsonga zake pa kuwala: imene yakula pakamwa, kapena ili ndi mzere wochekeka pamene panali kilampu, iduleni masentimita awiri kapena atatu ndi mpeni wakuthwa, mowongoka, ndipo mapaipiwo muwapachike nsonga zonse ziwiri zitaloza pansi kuti aume m'kati.